Musabwere Mwezi Uno, Ababa

12 Januwale

Mwana wanga, Dokotala wa Mitambo,

Landira moni kuchokera pa mpando wanga womwe uja wa pakhonde. Ine ndili bwino, kupatula bondo. Mng'ono wako Telala alinso bwino, makina ake osokera akungosokosera kuyambira m'mawa ngati kuti dziko lonse likuyenda maliseche. Kaya iwe kuphiriko?

Nkhani ndi iyi. Papita zaka zinayi chiyambire iwe ntchito ku ofesi ya zanyengo, ndipo ine bambo ako sindinaonepo pamene umagwira. Tsiku lililonse wailesi ikatchula madigiri a tauni yanuyo ndimalemba m'kope langa, kenako ndimauza aliyense wodutsa kuti nambala imeneyo yayezedwa ndi dzanja la mwana wanga. Wometa tsitsi wayamba kundithawa. Tsono ndikufuna ndidzaone ndekha: phirilo, choyezera mvula, ndi desiki yako. Undiuze mwezi wabwino wobwera. Mwini mitambo ndi iwe.

Usandiyankhe pa foni. Ndinaphunzitsa ana kulemba zaka makumi atatu ndi zisanu, sindingalole mwana wanga kundiyankha ndi chala chachikulu.

Ndine bambo ako,
Mphunzitsi wopuma, koma osati wotopa

9 Febuluwale

Ababa,

Moni ndalandira, ndipo ndikubweza wochuluka. Pepani kuti yankho lachedwa. A positi a kuno amayenda ngati anyamula dzira pa supuni.

Mwandifunsa funso la sayansi, ndiye ndikuyankhani mwa sayansi: musabwere mwezi uno. Kodi mukufuna anthu adzinena kuti mtsikana uja anapita ku yunivesite kukaphunzira kumiza bambo ake? Kuno mvula sigwa, imakhala. Inabwera mu Disembala, inapachika jekete, ndipo sikuonetsa zonyamuka. Msewu wokwera kuno uli ndi makona khumi ndi awiri, basi ikakwera atatu imatsetsereka awiri, okwera n'kuyamba nyimbo za pamaliro. Nsapato ukazisiya pansi pa bedi Lolemba, Lachinayi wapeza zamera ndevu. Bulangete ukalichapa limatenga masiku asanu kuti liume, ndipo likauma limanunkha ngati galu wonyowa. Phiri lenilenilo ndinaliona komaliza chaka chatha. Akuti likadalipo.

Dikirani mvula ithe. Mu Epulo tidzakambirane. Wometa tsitsiyo mumusiye apume, munthu wogwira lezala sayenera kukwiyitsidwa.

Mwana wanu

15 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Bondo likadali la maganizo ake.

Epulo wafika. Kope langa likuti kwanuko kwatha masiku khumi ndi limodzi opanda dontho, ndipo wailesi ikuti kumwamba kuli mbee. Ndatsitsa sutikesi ya malemu amayi ako pamwamba pa wadiropu, ndaipukuta. Ndibwere liti? Undiuzenso ngati kumene ukukhala kuli masitepe.

Bambo ako

20 Meyi

Ababa,

Moni. Ndili bwino, ngati munthu wouma ngati nsomba ya mu furiji angatchedwe kuti ali bwino.

Ndakhumudwa. Zaka zinayi za digiri, mabuku olemera kuposa ine, ndipo bambo anga enieni akukhulupirira kabokosi ka mabatire awiri kuposa mwana amene anamubereka! Wailesi imanena za masana, Ababa. Za m'mawa sinena, chifukwa wowerenga nkhani amakhala ali m'bulangete. Nyengo yozizira yayamba. Madzi a pampopi akuluma ngati ali ndi mano, zala zanga zang'ambikang'ambika moti cholembera ndikuchigwira ngati khasu. Mphepo imatsika phiri ngati yatumidwa. Bondo lanulo likangofika kuno lidzapempha kubwerera lokha pa basi.

Juni ndi Julayi ndiye osanena. Dikirani kufunde, mwina Ogasiti kumapeto. Masitepe alipo, makumi awiri mphambu atatu, ndipo onse ndi oterera.

Sutikesi muibweze pamwamba, idzadzaza fumbi.

Mwana wanu wokukondani

2 Juni

Achemwali,

Moni. Kuno tili bwino, ntchito ikuyenda, mayunifomu a sukulu ndiye andithyola msana.

Ine sindidziwa kulemba zokometsera ngati inu, ndiye ndingonena. Ababa andisoketsa jekete ya kuphiri, ya nsalu ziwiri, kolala mpaka m'makutu. Amaivala pakhonde dzuwa lili phwee, akuti akuyeserera. Sutikesi sanaibweze, ili pakhomo, ndipo aigunda kawiri. Dzulo agundanso chitseko cha kukhitchini chili chotsegula. Tiyi akuthira pambali pa kapu.

Aloleni abwere, achemwali. Kuzizira si nkhondo. Inuyo mukukhalako bwanji?

Mng'ono wanu,
Telala

30 Juni

Iwe Telala,

Moni. Ndakuona, mphwanga, ndakuona bwinobwino. Wasoka jekete kuti katundu wako afulumire kunyamuka. Ukufuna masabata awiri opanda munthu wokuwerengera madigiri uli pakati podula kolala. Sindikukuda, ndinakhalamo m'nyumba imeneyo. Koma usandisandutse ine chilombo chokana bambo ake. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri akagunda chitseko, mankhwala ake ndi kutseka chitseko, osati kumukweza phiri. Apite akasinthe magalasi, aja ndi a nthawi ya amayi.

Ndikukhalako bwanji? Ndimakhalako chifukwa ndi ntchito. Wina ayenera kudzuka kukayeza mame kuti inu a kumunsi mudziwe ngati muyanike chimanga.

Ndidzalemba kukafunda. Pakadali pano usandisokoneze, ofesi yatanganidwa.

Achemwali ako

8 Julayi

Achemwali,

Moni. Magalasi aja tinapita. Dokotala wa maso anatisunga mpaka madzulo. Akuti si magalasi. Akuti mitsempha ya m'maso ikuuma, inayamba kale, ndipo yomwe yafa siidzukanso. Ababa akuona ngati munthu wosuzumira pa bowo la kiyi: pakati pali kuwala, m'mbali monse mdima, ndipo bowolo likuchepa. Atipatsa mankhwala odontheza kuti lichepe pang'onopang'ono. Ndinafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Anangoti ngati pali chimene akufuna kuona, achione chaka chino.

Ababa andiletsa kukuuzani. Akuti sakufuna kulandiridwa chifukwa cha chisoni. Ndiye kalata iyi ndaiba. Yankhani msanga, muwauze kuti kwafunda, ngakhale kusanafunde.

Telala

5 Ogasiti

Achemwali,

Moni ndikupatsani chifukwa tinaleredwa choncho.

Mwezi watha. Foni yanu siyankhidwa. Ngati zimene ndinalemba sizinakukhudzeni, nenani, ndileke kuwanamiza Ababa kuti positi yachedwa. Kodi tikukuchititsani manyazi? Ndi jekete yanga kapena ndi Chingerezi chathu? Sitidzalowa mu ofesi, tidzaima panja.

Telala

1 Seputembala

Mwana wanga,

Moni. Usadabwe ndi zilembo zikuluzikuluzi, ndikusunga inki yochepa pa mawu ambiri.

Nditaona kuti katswiri wanga watanganidwa, ndinaganiza zongobwera mwakachetechete, ndigone ku nyumba ya alendo, ndidzakudzidzimutse pa geti la ofesi. Ndinalembera nyumba ya alendo ya kufupi ndi pokwerera basi kwanuko, kufunsa nthawi yabwino. Mayi mwini nyumba anandiyankha m'masiku anayi. Anayi! Ananditumizira pepala la fotokope limene amatumizira aliyense wofunsa. Ndaliwerenga ndi galasi langa lokulitsa zilembo, ndipo ndikukoperamo kuti nawe uphunzire:

"KWA OFUNSA NTHAWI YABWINO YOBWERA. Bwerani pakati pa Meyi ndi Julayi. Kumwamba kumakhala kotsukika, phiri limaoneka mpaka mng'alu uliwonse wa thanthwe, chigwa mpaka pamene maso anu athera. Kumazizira, inde, koma palibe anafapo chifukwa chovala juzi. Mabulangete tili nawo ambiri, ndipo nyengo imeneyi amauma tsiku lomwelo. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya achule ndi ongokwatirana kumene, amene sasuzumira pazenera. Seputembala ndi Okutobala kuli utsi wa moto wa kutchire, phiri mudzangomva kuti lilipo. Ofuna chitsimikizo cha dzuwa alembere kwa Mwini wake. Ife timangochapa."

Pepalali ndi lolembedwa pamanja. Dzanja limeneli ndinaligwira ine ndekha lili ndi zaka zisanu, ndikuliyendetsa pa sileti. Pakamwa pakepo ndiye sindingapasokoneze ndi pa wina, ndi pa amayi ako.

Ndabwereranso ku makalata ako onse. Ndinadabwa kale kuti katswiri wa boma amayeza bwanji nyengo ndi mabulangete, ndipo cholembera chimang'amba bwanji zala. Ndinali mphunzitsi wogona.

Sindikufunsa chifukwa. Kalata iyi ndaitumiza ku nyumba ya alendoyo. Tione ngati positi ichedwenso.

Bambo ako

5 Seputembala

Ababa,

Yafika m'masiku anayi. Mayi mwini nyumba andipatsira kuseri, ndili m'beseni mpaka m'zigongono, n'kundifunsa kuti, "Kodi Adokotala a Mitambo ndiwe? Mitambo yake ya thovu la sopoyi?" Atsikana a kukhitchini aseka mpaka wina wakhala pansi.

Ndayamba kalatayi kanayi. Katatu konse ndimayamba ndi kukalipa: kuti munthu wamkulu salembera nyumba za alendo mozembera, kuti fotokope iyenera kuletsedwa ndi lamulo. Zinali zoseketsa ndithu. Ndazing'amba.

Ntchito inatha chaka chatha mu Malichi. Anabweretsa makina odziyezera okha, mtengo wachitsulo wokhala ndi timakapu tozungulira pamwamba, umene umatumiza manambala ku likulu popanda kupempha tchuthi. Tinali anthu atatu, anatsala mlonda. Sindinalakwe kanthu, Ababa, koma ndinapezeka kuti ndine wolowedwa m'malo ndi mtengo. Manambala onse amene mwalemba m'kope lanu chaka ndi theka, amene mwavutitsa nawo wometa tsitsi, si a dzanja langa. Dzanja langa limachapa mabedishiti a zipinda khumi ndi zinayi, kuyanika, kusita, ndi kulembera mayi zikalata chifukwa akuti ndili ndi sukulu. Ndimagona m'kachipinda ka kuseri kwa mosungira mabulangete. Masitepe makumi awiri mphambu atatu aja kulibe. Alipo awiri.

Ndimati ndikuuzani ndikapeza ina. Ndalemba makalata ofunsira ntchito makumi atatu. Mwezi uliwonse ndimati mwezi wa mawa, ndipo pofuna kugula mwezi umenewo ndimakugulitsani mvula, kenako chisanu. Ndinali nditakonza kale mphepo ya Ogasiti ndi kutentha kwa Okutobala.

A positi ndiwapepese. Makalata anu amafikira ku ofesi yakale, mlonda amandisungira m'kabati. Ine ndi amene ndimachedwa kukatenga, chifukwa kalata iliyonse imafuna bodza latsopano, ndipo kukwera kukaima pa geti lija, mtengo uja ukuzungulira pamwamba panga, kumandidwalitsa. Kuyambira Julayi sindinapiteko n'komwe. Foni ya Telala ndimangoiyang'ana ikulira. Lero nditawerenga yanu ndakwera, ndapeza makalata ake awiri. Ndawawerengera pa geti pomwepo. Mlonda wandibweretsera mpando.

Musamukalipire Telala chifukwa chondiuza za maso. Mukalipire ine. Mu Juni kunja kunali koyera moti m'mawa ndikuyanika ndimatha kuwerenga mitengo ya pamwamba pa phiri umodziumodzi. Tsiku limene ndimamulembera Telala kuti atseke chitseko, mabulangete anauma isanakwane thwelofu. Ndinakudyerani miyezi itatu yabwino ya chaka chimene chinali chanu.

Tsopano mundimvere, chifukwa aka ndi koyamba chaka chino kuti ndikuuzeni zoona za nyengo. Pano kuli utsi. Anthu akutentha tchire m'chigwa chonse, phiri langokhala chithunzithunzi chotuwa, ndipo zikhala choncho mpaka mvula. Koma pali tsiku limodzi limene sindinalembe pa pepala la alendo, chifukwa silingalonjezedwe kwa munthu wa masiku awiri. Mvula yoyamba yaikulu ikagwa imatsuka utsi wonse, ndipo m'mawa wake, mitambo isanasonkhanenso, kumayera kuposa Juni. Ndi m'mawa umodzi, mwina iwiri. Bwerani kumapeto kwa Okutobala, mudzakhale mpaka igwe. Mayi mwini nyumba avomera kuti mugone m'kachipinda kanga, ine ndigona pa mabulangete, ndi ambiri.

Ngati simukufunanso kubwera, ndimva.

Mwana wanu, wochapa

11 Seputembala

Achemwali,

Moni. Kalata yanu ndawawerengera ndine, chifukwa zilembo zanu ndi zazing'ono. Pa za mtengo wachitsulo anandiuza ndibwereze. Kenako anafunsa kuti jekete ili kuti.

Ine ndinakwiya nanu masiku awiri. Osati chifukwa cha bodza lokha. Mumaganiza kuti ife tikanatani? Ine ndimasoka zigamba pa mathalauza a anthu, achemwali, ena osachapa n'komwe. Mumaona ngati ndikanakusekani? Chabwino, ndikanaseka pang'ono. Dzina la Dokotala munalimva kukoma kwambiri.

Ndidzawakweza basi pa 27 Okutobala, ndawasungira mpando wa kutsogolo. Ine sindingabwere, ndi nyengo ya madiresi a ukwati. Mukawalandire pakhomo pa basi penipeni, muime kutsogolo kwawo, osati kumbali, kumbali sakuonani. Mankhwala ndi kawiri pa tsiku. Adzakuuzani kuti adontheza kale. Ndi bodza, zikuoneka kuti ndi za m'banja.

Telala

16 Novembala

Telala mphwanga,

Moni. Tili bwino tonse awiri. Nali lipoti, ndipo ukhoza kulikhulupirira.

Ababa anatsika basi atavala jekete yako, kunja kukutentha moti phula limamata nsapato. Anakana kuivula, akuti inasokedwera kuphiri. Ndinaima kutsogolo kwawo monga unanenera. Anandiyang'ana nkhope chidutswachidutswa, chipumi, kenako mphuno, kenako chibwano, n'kugwira manja anga onse awiri, kuwatembenuza, kupapasa ming'alu ija. Ndinadikira ulaliki. Anangoti, "Sopo wake ndi woipa, uwauze asinthe." Ulaliki ukanandipepukira.

Masabata awiri ndi theka takhala tikudikira mvula. Munthuyu walanda nyumba ya alendo. Wakonza Chingerezi cha pa chikwangwani, waphunzitsa wophika kuwerengera mazira, ndipo mayi mwini nyumba, amene ine amandiitana kuti "iwe wa digiri", iwowa amawatcha "Aphunzitsi" n'kumawapatsa mpando wa khushoni. M'mawa uliwonse amakhala pafupi ndi zingwe zoyanikira, atanyamula thumba la mapegi, kumandipatsira limodzilimodzi. Mlendo akadutsa amamuimitsa: "Mukumuona uyu? Mufunseni ngati munyamule ambulera." Ine kufuna kulowa m'beseni.

Koma bowo lija lachepa, Telala. Lachepa kuposa mmene unalembera mu Julayi. Sabata yoyamba amawerenga chikwangwani, yachiwiri amachiwerenga pamtima n'kumayerekeza. Ndinawagwira.

Lolemba wailesi inati mvula igwa Loweruka. Ababa anandifunsa, "Nanga Dokotala akuti bwanji?" Ndinawauza kuti musandinyoze. Anati sakunyoza, akufunsa. Ndiye ndinayang'ana. Mphepo inali itatembenuka, mabedishiti amene amauma pofika teni anali akadali a chinyezi masana, ndipo mitambo imamera kuseri kwa phiri ngati thonje. Ndinati Lachinayi masana. Analemba m'kope, chilembo chimodzi ngati chibakera.

Lachinayi nthawi ya thuu koloko kunagunda bingu. Tinathamangitsana ndi mabedishiti makumi awiri mphambu asanu ndi atatu, Ababa ataima pakati pa bwalo akufuula ngati ali pa mpira, jekete yako ikugwira ntchito yake koyamba. Inagwa mpaka madzulo.

Dzulo m'mawa kunacha monga ndinalonjezera. Sindinaonepo kotero. Thanthwe lililonse, mathithi atatu atsopano, chigwa mpaka kumapeto kwa dziko. Ndinayanika msanga, ndinawatulutsa Ababa, ndinawaimika pakati pa bwalo, n'kuwatembenuza mapewa kuti ayang'ane phiri.

Anayang'ana nthawi yaitali. Anayendetsa mutu pang'onopang'ono, kumanzere, kumanja, m'mwamba, ngati munthu wofuna ndalama yogwa mu udzu.

"Ndikuona chinthu chachikulu choyera," anatero. "Chikugwedezeka."

Ndikanatha kunena kuti ndi mathithi, Telala. Mawuwo anafika pamlomo, ndazolowera. Akanakondwa, akanabwera kudzakuuza, iwe ukanakhulupirira.

"Amenewo ndi mabedishiti, Ababa. Phiri lili kuseri kwake, kutali."

"Kutaliko kulibe kanthu," anatero. "Kwangoti mbuu."

Ndinalira ngati mwana wa sitandade wani, pamaso pa wophika ndi alendo awiri. Ndinati mu Juni mukanaliona. Sananditsutse. Ukuwadziwa, sapereka malikisi aulere. Anati, "Eya, mu Juni ndikanaliona." Kenako anatambasula dzanja, anagwira ngodya ya bedishiti, anaifinya kuona ngati yauma.

"Ndinalemba zinthu zitatu," anatero. "Phiri, choyezera mvula, ndi desiki yako. Choyezera mvula ndi ichi ndagwirachi. Desiki ndayima pakati pake. Ziwiri pa zitatu, wakhoza movutikira. Tsopano phirilo undiuze ndiwe, kuyambira kumanzere. Ukawonjezera mwala umodzi ndidziwa."

Ndinawauza. Zinatenga ola lathunthu, chifukwa amafunsa kuti mtengo wake wanji, mthunzi wagwera mbali iti. Mabulangete a chipinda chachisanu ndi chimodzi anadikira.

Kope lija andipatsa. Akuti kuyambira lero manambala ndizilemba ndine, ndi kuwatumizira mwezi uliwonse pa zilembo zazikulu, iwe uziwawerengera. Abwera Lachitatu pa basi ya m'mawa. Ukaime kutsogolo.

Achemwali ako

Ababa akuti ndiwonjezere izi, ndipo ayima pamutu panga kuti ndisasinthe mawu: "Telala, upite kwa wometa tsitsi. Ukamuuze kuti wailesi inati Loweruka, mwana wanga anati Lachinayi, ndipo inagwa Lachinayi. Umuuzenso kuti asathawe, ndikubwera ndi zambiri."